Nyimbo inkafika bwanji ku Luwawa, nanga ndalama yake inkatsala kuti?



Amene munalipo Loweruka lapitali mukudziwa kuti mkangano uja sunathe bwino. Kwa inu amene simunabwere, nkhani yake ndi iyi. Mnzathu wina wa m'kalabu muno, dzina sinditchula poti wandipempha, anagulitsa mbatatesi zake, katofeni uja timati kuno, n'kukwera minibasi kupita ku Mzuzu kukajambulitsa nyimbo imodzi. Atabwerako anaitumiza kwa anthu atatu okha kuti amve maganizo awo. Sabata isanathe nyimbo ija inali m'gulu lathu la WhatsApp, ndipo sabata yachiwiri mwiniwake anaimva ikulira pa shopu ina pa Jenda, mnyamata wobena nyimbo akuiika m'ma memory card a anthu, ndalama akulandira. Mwini nyimbo sanaone ngakhale tambala. Ena munati asangalale, watchuka. Ena munati waberedwa masana dzuwa likuswa mtengo. Ine ndinangoti chete, chifukwa foni yanga yomwe yadzaza nyimbo zimene sindinalipire. Koma funso linandikhala pamtima, ndiye ndakhala ndikufunsa akuluakulu ndi kuwerenga kuti zinthuzi zinayamba bwanji. Zimene ndapeza n'zakuti mkanganowu ndi wamkulu kuposa ife, unayamba agogo athu ali anyamata.

Makina asanabwere, nyimbo inkakhala mwa munthu. Ukafuna kumva ingoma unkapita kumene amadoda akuvina. Ukafuna vimbuza unkatsata kulira kwa ng'oma usiku. Nyimbo za pamtondo zinkatha mphale ikayera. Panalibe zoti wina watenga nyimbo ya mnzake n'kupita nayo kumsika, chifukwa kuti uitenge unkayenera kuiphunzira, ndipo mudzi wonse unkadziwa amene anakuphunzitsa.

Makina oyamba oyimba anafika m'midzi ya Mzimba m'masutikesi. Amuna a kuno akhala akupita kumigodi ya ku South Africa ndi ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe, kuyambira nthawi ya atsamunda, ena kudzera ku Wenela, ena paokha wapansi. Pobwerera ankanyamula njinga, jekete, mabulangete, ndipo amene zinamuyendera ankabwera ndi galamafoni ndi mbale zake. Pambuyo pake kunabwera gumbagumba. Agogo ena anandiuza kuti munthu akabwera nayo, mudzi wonse unkasonkhana pakhomo pake ngati pali ukwati, ana akusuzumira kumbuyo kwa bokosilo kuti aone anthu oyimbawo abisala pati. Nyimbo za m'mbalezo zinali za ku Johannesburg, kwela ndi simanjemanje, ndipo ndalama yake inkatsala komweko kwa makampani odinda mbale. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi ochokera kumigodi, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodiko kwa kanthawi. Koma msewu wa ku Joni sunatsekeke, inu nomwe mukudziwa kuti mpaka lero sipika yaikulu m'mudzi imachokera kumeneko.

Pamene nyimbo zakunja zinkalowa chonchi, zathu zinkatuluka njira ina. Mzungu wina dzina lake Hugh Tracey anayenda m'dziko muno, nthawi imeneyo likutchedwa Nyasaland, m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958, ali ndi makina ojambulira mawu m'galimoto. Anajambula nyimbo za Atumbuka, Atonga, Achewa, Amang'anja ndi Ayao. Mu 1954 anakhazikitsa malo osungira nyimbo otchedwa International Library of African Music, omwe lero ali pa Rhodes University ku Makhanda, m'dziko la South Africa. Zina mwa nyimbozo zinatulutsidwa pa ma CD ndipo zimagulitsidwa kunja. Ine sindimutukwana munthuyu ayi. Pakanapanda iye, mawu a anthu amenewo akanalowa nawo m'manda. Koma taganizani: mdzukulu wa mayi amene anayimba pamaso pa makina aja ali kuno, mwina akusenza matabwa m'nkhalango ya Viphya, ndipo sadziwa n'komwe kuti mawu a agogo ake ali pa shelefu kutsidya kwa Limpopo. Musaiwale nkhani ya Tracey, ndibwereranso.

Dziko litalandira ufulu mu 1964 kunakhazikitsidwa wayilesi ya MBC, ndipo kwa zaka pafupifupi makumi atatu inali yokhayo. Kanema kunalibe, Television Malawi inadzayamba mu 1999. Woyimba akafuna kumveka dziko lonse, khomo linali limodzi lomwelo, ku Blantyre. Ukajambula ku situdiyo ya MBC tepi inkatsala komweko, iwe n'kubwerera kwanu ndi dzina. Anthu ngati Daniel Kachamba wa ku Chileka ndi Allan Namoko wa ku Thyolo ankadziwika ndi aliyense amene anali ndi kawayilesi ka Nzeru, koma funsani akuluakulu ngati anamva kuti oyimba a nthawi imeneyo analemera ndi nyimbo.

Chaka cha 1968 ife a kuno tiyenera kuchidziwa bwino, chifukwa munachitika zinthu ziwiri. Choyamba, msonkhano waukulu wa chipani cha MCP unagamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha dziko pamodzi ndi Chingerezi, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wayilesi ndi m'nyuzipepala. Chinadzabwerera pa MBC mu 1994 atalowa Bakili Muluzi. Werengani nokha, ndi zaka 26 zimenezo. Mwana wobadwira ku Embangweni mu 1968 anakula, kukwatira, kubereka, asanamvepo nkhani zikuwerengedwa pa wayilesi ya dziko lake m'chiyankhulo cha amayi ake. (Ndipo inde, ndikudziwa kuti nkhani inonso ndikulemba m'Chichewa. Musandiseke, mbiri yake ndi yomweyi.) Chachiwiri, chaka chomwecho kunabwera lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, ndi bungwe lake loletsa zimene boma silinazikonde. Nkhani yotchuka ndi ya nyimbo ya Cecilia ya Simon ndi Garfunkel, yomwe inaletsedwa chifukwa dzinalo linali lofanana ndi la Mama Cecilia Kadzamira. Lero timaseka, koma tangoganizani woyimba wa kuno amene ankadziwa kuti liwu limodzi lolakwika likhoza kumugoneka ku Mikuyu. N'chifukwa chake nyimbo zambiri za nthawi ija zimalankhula mokuluwika, za kalulu ndi fisi, za apongozi, koma omva ankamva.

Chimene chinathyola khomo limodzi lija ndi kaseti. Apa ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa mkangano wathu wa Loweruka unabadwira pamenepa. Kaseti inapangidwa ndi kampani ya Philips mu 1963, koma kuno inafala kwambiri m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Kusiyana kwake ndi mbale ya galamafoni n'kwakuti mbale sungaipange pakhomo, imafuna fakitale. Kaseti ayi. Ukakhala ndi wayilesi ya makomo awiri, umaika yodzaza uku, yopanda kanthu uku, kudina mabatani awiri, basi nyimbo yabereka mwana. Amalume anga amasimba mmene ankazungulitsira tepi ndi cholembera kuti asathe mabatire, ndi kuyanika mabatirewo padzuwa kuti alire kachiwiri. Tepi ikaduka ankailumikiza ndi utoto wa m'zikhadabo. Kaseti imodzi yogulidwa pa Mzimba boma inkatha kubereka khumi isanafike kuno.

Ndipo kukopera kumeneku kunathandiza dziko, tisaname. Kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, anthu anayamba kulankhula, referendamu inachitika pa 14 Juni 1993, chisankho pa 17 Meyi 1994. M'nyengo imeneyo nyimbo imene wayilesi ikanaopa kuiika inkayenda m'matumba a anthu, m'mabasi ndi m'mabala. Ku Balaka, Paul Banda wa Alleluya Band anali ndi situdiyo yake, ndipo kumeneko kunatuluka gulu lonse la oyimba amene makolo athu amawakonda mpaka lero. Mng'ono wake Lucius Banda anatulutsa chimbale cha Son of a Poor Man, momwe muli nyimbo ya Mabala yokumbutsa nkhanza za ulamuliro wa chipani chimodzi. Kunabwera Mlaka Maliro, kunabwera Billy Kaunda amene pambuyo pake anadzakhala phungu wa Mzimba West. Kwa nthawi yoyamba woyimba sankafunikira chilolezo cha MBC kuti amveke ku Luwawa.

Koma khomo lina linatseguka m'malo mwa lakale. Kuti kaseti yako ifike m'misika yonse, unkadutsa kwa ogulitsa akuluakulu, ndipo dzina limene aliyense amakumbukira ndi la O.G. Issa ku Limbe. Oyimba ankadandaula kuti gawo lawo pa kaseti iliyonse linali lochepa, komabe inali ndalama yooneka, yowerengeka, ndipo ena anamanga nayo nyumba. Boma nalo linakonza lamulo la umwini wa ntchito zaluso mu 1989, ndipo mu 1992 kunayamba bungwe la COSOMA loti lizitolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo n'kugawira eni ake. Anadzabweretsa kasitika konyezimira komata pa kaseti yeniyeni, kuti wogula azisiyanitsa ndi yabodza. Mukapeza kaseti yakale m'sutikesi ya amayi, yang'anani, mwina kakadalipo. Vuto linali lakuti kaseti yokhala ndi sitika inali yodula kuposa yokopera, ndipo munthu wa kumudzi amagula ndi thumba, osati ndi lamulo.

Musaganize kuti zoletsa nyimbo zinatha ndi Kamuzu. Evison Matafale, mwini Kuimba 1 ndi Kuimba 2, anafera m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001 atamangidwa chifukwa cha makalata odzudzula boma. Mu 2010 MBC inasiya kuika nyimbo za chimbale chatsopano cha Lucius Banda. Koma pofika nthawi imeneyo kuletsa nyimbo kunali ngati kutseka mtsinje wa Luwawa ndi dengu. Mawayilesi ena analipo kale, ndipo amene analibe wayilesi anali ndi mnzake wokopera.

Za ma CD sindichedwapo, sanakhalitse, ndipo pa fumbi la kuno ankakalika sabata yomweyo. Chimene chinasintha zonse ndi foni. TNM inayamba mu 1995, Celtel mu 1999, yomwe inadzakhala Zain kenako Airtel mu 2010. Mafoni otchipa okhala ndi memory card ndi Bluetooth atadzaza m'misika, kaseti inafa, ndipo malonda a ogulitsa akuluakulu aja anafa nayo. M'malo mwawo munalowa mnyamata wa pa trading centre, ali ndi kompyuta yakale, sipika pakhomo, ndi sola kapena jenereta. Umapereka ndalama yosakwana botolo la Fanta, iye n'kukudzazira nyimbo mazana. Kaseti yokopera inkatsika mawu ukaikopera kachitatu. Fayilo ya pa foni siitsika, ya chikwi imalira chimodzimodzi ndi yoyamba. Woyimba anatsala ndi chiyani? Mashowo basi. Ndipo mashowo amachitika ku Lilongwe, ku Blantyre, mwina ku Mzuzu, osati kuno.

Tsopano ndinene mbali yathu, chifukwa ena Loweruka munalankhula ngati ife ndife mbava zobadwa nazo. Kodi munthu wa ku Luwawa amene akufuna kulipira nyimbo akalipire kuti? Shopu ya nyimbo kulibe. Spotify inafika m'Malawi mu 2021, koma imafuna intaneti yokhazikika, pamene ife kuti uthenga wa WhatsApp uchoke timakwera kaphiri, foni m'mwamba ngati tikuombeza mvula. Bandulo nayo ndi yodula. Mu 2015 boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa intaneti ndi mauthenga a pa foni, kuwonjezera pa VAT, ndipo mu 2020 achinyamata anachita kudandaula pa intaneti pomwepo pansi pa mutu wa Data Must Fall mpaka makampani anatsitsako mitengo ina. Ndiye munthu amasankha kudawuniloda kamodzi n'kugawira anzake khumi. Si nkhanza, ndi masamu. Koma masamu omwewo ndi amene adya katofeni wa mnzathu.

Pali chinthu chimene ambiri sitidziwa. Lamulo la 1989 lija linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2016, ndipo latsopanoli linavomereza kuti anthu sadzasiya kukopera. Choncho linaika kamsonkho pa zipangizo zosungira nyimbo zikamalowa m'dziko, monga mafoni, ma flash ndi ma memory card. Ndalamayo imapita ku COSOMA kuti igawidwe kwa eni ntchito zaluso, ndipo m'zaka zaposachedwa oyimba akhala akulandira. Kunena kwina, pamene munkagula foni yanuyo munalipirako kale kenakake. Koma imagawidwa kwa amene analembetsa ntchito zawo ku bungweli. Lamulo limati nyimbo ndi yako kuyambira pamene waipeka ndi kuijambula, ndipo imatetezedwa moyo wako wonse ndi zaka 50 utamwalira, koma ngati COSOMA sikukudziwa, ndalama ikupeza bwanji? Mnzathu uja sanalembetse. Sankadziwa n'komwe kuti kuli zoterozo, ndipo kunena zoona inenso ndazidziwa sabata ino. Komanso kamsonkhoka ndi ka kukopera kwa iwe mwini pakhomo. Sikapereka ufulu kwa munthu wogulitsa nyimbo za eni pa shopu popanda chilolezo.

Ena munati, aiike pa TikTok ndi pa YouTube, ndalama zili kumeneko. Tamverani za agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930. Ayimba kuyambira makolo athu asanabadwe, ndipo mu 2016 anakafika mpaka ku Library of Congress ku Washington. Mu 2020 Patience Namadingo anajambula nawo nyimbo zawo zakale mwatsopano, ndipo chakumapeto kwa 2021 kachidutswa ka Linny Hoo kanagwira moto pa TikTok. Anthu a m'mayiko amene sadziwa kuti Malawi ili pati ankavina, ndipo pofika Januwale 2022 atolankhani ankanena za kuonedwa koposa 80 miliyoni. Atolankhaniwo atapita kumudzi anapeza agogowo alibe foni yoti n'kuonera TikTok, ndipo zoti atchuka dziko lonse ankangomva kwa anthu. Pa maulendo mamiliyoni onsewo makampani a intaneti anagulitsa malonda, makampani a foni anagulitsa mabandulo, ovina anapeza owatsatira. Kwa zaka zambiri Malawi sinali n'komwe pa mndandanda wa mayiko amene YouTube imalipira eni matchanelo mwachindunji, moti oyimba athu ankachita kudutsira kwa abale kapena makampani akunja. Mukaona bwino, ndi nkhani ya galamafoni yomwe ija: nyimbo kuno, kauntala kutsidya kwa nyanja. Kusiyana kwake n'kwakuti kale nyimbo zinkachokera ku Johannesburg ife n'kulipira, lero zikuchokera kwa ife koma tikulipirabe ndife, pogula bandulo.

Sindikunena kuti intaneti ndi yoipa. Wambali Mkandawire, amene anaonetsa dziko lonse kuti Chitumbuka chikhoza kuyimbidwa pa siteji ina iliyonse, anamwalira mu Januwale 2021, ndipo ambiri a msinkhu wathu chimbale chake cha Zani Muwone tinachimvera koyamba pa foni. Chiyankhulo chimene chinachotsedwa pa wayilesi mu 1968 lero mwana aliyense akhoza kuchiika pa intaneti osapempha munthu. Chimenecho si chaching'ono.

Ndibwerere kwa Tracey monga ndinalonjeza. Mwezi wamawa kalabu yathu yakonza zokajambula madoda a ingoma ndi amayi oyimba nyimbo zakale kuti tiike pa tsamba lino, ena mukufunanso tikajambule ku Hora pa mwambo wa Umthetho mu Ogasiti. Tikadzafika ndi mafoni athu pakhomo pa agogo amenewo, Hugh Tracey tidzakhala ife. Lamulo limati nyimbo ndi magule a makolo umwini wake uli m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse, ndipo vimbuza inalengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Koma vimbuza ndi machiritso, wovinayo nthawi zambiri ndi wodwala. Kodi tidzamuuza kuti nkhope yake ikhoza kufika ku London, anthu n'kuiikira nyimbo ina pamwamba n'kumaseka? Tikangoika, sitingathe kuibweza, monga mnzathu sangathe kubweza nyimbo yake pa Jenda.

Ndiye pa msonkhano wa Loweruka likubwerali ndidzapempha kuti tisanapite kukajambula, tigwirizane mawu amene tidzauze agogo aliyense m'Chitumbuka chomveka, za kumene vidiyo idzapite ndi amene adzaione, ndipo amene wakana tisamujambule ngakhale mobisa. Mayina a oyimba, akalola, tidzalembe pansi pa vidiyo iliyonse. Za mnzathu uja, ine ndayamba ndi kumutumizira pa foni ndalama ya nyimbo yake, yofanana ndi imene ndikanapatsa mnyamata wobena. Tili anthu oposa makumi atatu m'gulu la WhatsApp lija ndipo tonse tili nayo nyimboyo. Asungichuma avomera kubwera ndi kope, ndipo amene ali ndi m'bale ku Lilongwe atifunsireko ku ofesi ya COSOMA zimene munthu amafunika kuti alembetse.